A Damiyano, Mvula ndi Ana a Eni

Pa Sabudu, Loweruka lapitali, tinavundukula chiliza cha amuna anga, a Damiyano Mbewe, patatha chaka chiwaikireni m'manda. Ndati tinavundukula, koma ine ndinangokhala pamphasa ngati mlendo. Chilizacho anamanga ndi ana awo a mpira, amene tsopano ndi azibambo a imvi ndi azimayi a zidzukulu. Anabwera pa machapa awiri, maminibasi athu aja, ena kuchokera ku Furancungo, ena ku Tete, wina mpaka ku Beira. Pamwalapo analemba kuti "Tate wa ana ambiri". Palibe amene anandifunsa ngati mawuwo ndagwirizana nawo. Akanandifunsa ndikanati awonjezere m'munsi mwake kuti m'nyumba mwawo munalibe ngakhale mmodzi.

Ndinene poyera, popeza pa msinkhu wanga manyazi anatha: ndinali ndi nsanje, ndipo ndikadali nayo. Akazi anzanga ankachitira nsanje akazi ophika kachasu. Ine ndinkachitira nsanje ana a eni, a mamina m'mphuno, ndiponso mvula. Ndinkafuna mwana wanga wobala ndekha, ndipo zimene zinaima pakati pa ine ndi mwanayo zinali zimenezi.

A Damiyano anafika kuno ku Ntengo-wa-Mbalame nkhondo ikumveka patali, atawatumiza kudzakhala serivente pa shikola yathu: kusesa, kuimba chitsulo, kukhoma mabenchi. Kwawo kunali ku Chidzolomondo, m'dera la Macanga. Mkazi wawo woyamba atamwalira, alongo ake a malemuyo anatenga ana awiri amene anabereka, poti ana ndi a kuchikazi, ndipo iwo anatuluka m'mudzimo ndi mphasa ndi mpira wachikopa basi. Ankandiposa ndi zaka makumi awiri. Amayi anga anati mwamuna wachikulire samenya, ndipo sananame, sanandimenyepo. Chimene amayi sanadziwe n'chakuti kuzunza kwina kulibe ndodo.

Mkazi amaitana mwamuna wake ndi dzina la mwana, bambo a uje. Ine zaka zonse ndinkangoti a Mbewe, ngati ndikuitana munthu wodutsa pamsewu. Akuluakulu a m'mudzi ankawati a Tirinadoro, chifukwa chophunzitsa mpira. Ana ankangoti ababa, ndipo iwo ankatembenuka msanga kuposa ndikawaitana ine.

Tereyino yawo, yophunzitsa ana mpira ija, inali ya pamvula pokha. Dzuwa likawala ankasesa shikola n'kubwerera kudzapalira kachewere ngati munthu wina aliyense. Koma kukangoti bii kumapiri, nkhungu n'kutsika, mawawa n'kuyamba, munthu uja ankasintha nkhope ngati wamva ng'oma. Alendo ankati ndi misala. Ife tinkadziwa chifukwa chake. Kampu yathu, bwalo la mpira, inali pamtetete kuseri kwa shikola, ndipo munthu ataima paphiri ankatha kuona mwana aliyense wothamanga pamenepo. Anthu a m'tchire, amfuti olimbana ndi boma aja, ankafuna anyamata a miyendo yabwino, ndipo kumudzi wa kutsidya kwa dambo anatengako kale ena dzuwa likuswa mtengo. Tsono a Damiyano ankati nkhungu ndi mpanda umene Mulungu amamanga osafuna thandizo, ndipo mitsinje ikadzaza, amfuti nawonso amakhala pansi kuotha moto. Ankatinso mwana akakhala mwezi wathunthu osathamanga, osakuwa, amayamba kuyenda ngati nkhalamba, ndipo nkhondo idzatha n'kutisiyira nkhalamba za zaka khumi.

Anali ndi lona yaitali yobiriwira imene anaitola pagalimoto yopsa pamsewu wa ku Ulongwe. Ankayenda nayo khomo ndi khomo, iwo patsogolo atasenza nsonga yake, ndipo mwana aliyense akatuluka ankalowa pansi pake, mpaka chinthucho chinkadutsa m'mudzi ngati bongololo, chikuimba nyimbo. Anyamata, atsikana, onse ankatenga. Ankati mwendo sudziwa kuti mwini wake amavala chiyani.

Koma asanatenge ana ankayamba apita okha. Chiyambire tsiku limene ng'ombe ya mnansi wathu inaponda mina, bomba lokwirira lija, panjira ya kudambo, a Damiyano sankalola phazi la mwana kuponda pamene lawo lisanaponde. Ankavula nsapato n'kuyenda njira yonse ya ku kampu, kenaka kampu yeniyeniyo, mzere ndi mzere ngati munthu wobzala nyemba, kuchoka pa baliza iyi, pagolo paja, kukafika pa inayo. Ankati mvula imasuntha zinthu, ndipo pamene panali bwino dzulo si umboni wa lero. Tsiku lina ndinawafunsa kuti nanga mukaiponda inuyo. Anati ndiye kuti ana adzamva kuphulika ali kunyumba, sadzabwera. Za ine sananenepo kanthu.

Zonsezi ndikanapirira. Chimene chinandidya ine ndi kudika. Kwathu kuno mwana wako akakhala pangozi, kaya ali paulendo, kaya ali kuchinamwali, kaya wadwala, makolo mumagona mphasa zosiyana. Mukakhala malo amodzi mumakhala otentha, ndipo wotentha akakhudza mwanayo amamudula: mwana amatupa, amatsokomola, mwina n'kupita. Umenewo ndiwo mdulo, ndipo munthu amadika chifukwa cha mwana wobala yekha. A Damiyano anautenga mwambowo n'kufunditsa ana a mudzi wonse. Ankati munthu wotsogolera ana a eni pamvula ndi pamabomba ayenera kukhala wozizira ngati mwala wa mumtsinje.

Tsono mvula siuza munthu kuti mawa ndibwera. Iwo ankafunsa bondo lawo la kumanzere, limene anavulala ali mnyamata pa mpira womwewu. Madzulo tikamadya ankalisisita n'kunena kuti, "Nangozo, bondo likuti mawa kugwa." Basi nkhani yatha, mphasa yawo ankakaiyala kukhomo, pafupi ndi mpira. Inu mukuidziwa nyengo ya kuno ku Tsangano. Dzinja ndi mvula, mvula ikatha ndi mawawa ndi nkhungu mpaka Agosito, ndipo chilimwe, pamene kumayera, ndi pamene a m'tchire ankayenda, ife n'kumagona m'makwawa, akazi kwaokha, amuna kwaokha akulondera. Bondo limenelo silinkanama kawirikawiri, koma likanama linkanamira mbali ya mvula. M'mudzi wonse wa alimi, ine ndekha ndinkapempherera dzuwa.

Mpira ukabwera wonyowa unkakhala pamalo abwino pafupi ndi mafuwa, ukupakidwa mafuta a nkhumba, ine zidendene zanga zili ming'alu yokhayokha. Tsiku lina ndinaukankha ndi phazi kuti ulowe pamoto. Unawauka pang'ono mbali imodzi. Sanandikalipire. Anangoutola, kuupukuta, n'kunena kuti ndili ndi phazi labwino, akanandipeza ndili mwana akanandiika kutsogolo. Ndinalira ndi ukali, iwo akuganiza kuti andiyamikira.

Ankakangana ndi aliyense, koma mwaulesi, osakweza mawu. Azimayi ena ankatseka zitseko kuti ana asakafe ndi chisanu. Iwo ankangoima pakhomo ndi bongololo wawo, osagogoda, mpaka mwana wa m'nyumbamo alire mokwanira kuti amake atope. A dilekitolo a shikola, mnyamata wophunzira wochokera ku Tete, anawauza kuti masewero ali ndi nthawi yake pandandanda, Lachitatu masana. A Damiyano anayankha mwaulemu kuti a dilekitolo alembere mitambo kalata kuti izibwera Lachitatu. A katekisita nawo anawayendera kudzawauza kuti kudika ndi zachikunja, Mkhristu amapemphera basi. Tsiku limenelo ndinapha nkhuku, ndikuti Mulungu wanditumizira mthandizi. A Damiyano anamvetsera mpaka nkhuku inatha, kenaka anati iwonso amapemphera, koma munthu wowoloka mtsinje wodzaza amagwira ndodo ziwiri, ndipo ngati imodzi ndi yachabe adzaidziwa ali kutsidya. Nkhuku yanga inangopita chabe.

Anzanga kuchitsime ankanditonthoza ndi mwambi uja wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ankanena ali ndi wawo kumsana. Ana aja ulemu anali nawo, ankandigwadira popereka moni, ena ankandithyolera mapichesi. Koma dzuwa likamalowa aliyense ankapita kukadya kwa amake, ine n'kutsala ndikukolopa matope amene asiya pakhonde.

Ndidumphe kaye ndinene za pambuyo pa nkhondo, kuti mumvetse mkwiyo wanga. Mtendere utabwera kunafika anthu ochotsa mabomba, ovala zolimba pachifuwa, ali ndi zitsulo zolira ndi agalu. Panjira ya kudambo anafukuladi mabomba. Pa kampu anakhalapo masabata awiri, anamanga zingwe, anakwawa, anafufuza paliponse. Anapeza khasu lakutha ndi misomali. Ine ndinaseka mpaka misozi, kuseka koipa.

Ndinati, "A Mbewe, mwamva? Zaka zonse zija munkalondera khasu."

Iwo anati, "Ndi nkhani yabwino imeneyo, Nangozo."

Ndipo anakondweradi, nkhope yonse. Nthawi imeneyo n'kuti kumwezi kwanga kutayamba kale kudumphadumpha.

Koma tsiku limene linandiphera zonse linali m'kati mwa nkhondo, chaka chachisanu cha ukwati wathu, mwezi wa Fevereru, ndipo ndinaliitana ndekha. Nditatopa ndinapita kwa nkhoswe yanga, amalume a Sitefano, n'kuwauza zonse osabisa. Amalume anali munthu wa mawu ochepa, mlimi wa tirigu. Anabwera, anakhala pansi pa mpichesi wa pakhomo pathu, n'kuitanitsa mkamwini wawo.

"Mkamwini, ana amene mukudika chifukwa cha iwowa anabala ndani?"

"Anabala eni ake, apongozi."

"Eni akewo akudika?"

"Sindinawafunse."

"Ine ndakufunsirani. Sakudika. Amake Rozalina ali ndi pakati pena, chikhalirecho mwana wawo amakhala pansi pa lona yanu sabata iliyonse. Inu mukusunga mwambo wa makomo a eni, lanu likugwa. Mbumba yanga ikufuna mwana. Ngati zakukanikani nenani, tikupatseni mpira wanu muzipita kwanu ku Macanga."

A Damiyano anati, "Ndamva, apongozi. Koma tsiku limene ndili wotentha sinditenga ana."

Amalume anati, "Zimenezo ndi za inu ndi mitambo."

Ine mumtima ndinavina. Ndinaona kuti ndapata zonse ziwiri, mwamuna m'nyumba ndi kampu yopanda munthu. Madzulo ake bondo linanena kuti kugwa. Ndinawayang'ana, iwo anandiyang'ana, ndipo mphasa ya kukhomo sinayalidwe.

Walira mvula walira matope. Kutacha kunali nkhungu yoti uli pakhonde sungaone khola, mvula ikutsika yosalekeza, nyengo yeniyeni ya tereyino. A Damiyano anakhala pampando m'nyumba, manja ali pamaondo. Ana anayembekezera kumakomo kwawo, ndipo ataona kuti lona sikubwera anadza okha n'kuima pabwalo pathu, akuitana ababa awo. Iwo anandiuza kuti nditulukire pakhomo ndiwauze kuti lero kulibe, koma ndisakhudze aliyense, chifukwa nanenso ndinali wotentha. Ndinatuluka, ndipo ndivomere, ndinalankhula monyada.

"Lero ababa anu ali ndi ntchito ya pakhomo pawo. Kazipitani kwa amayi anu."

Ndinatseka chitseko, ndinaphika phala, ndinathiramo ndi uchi umene ndinkabisa. Tinadya awiri mvula ikugwa, chinthu chimene sichinachitikepo m'nyumba imeneyo. Ndinali wokondwa, sindibisa. Patapita nthawi ndinatuluka kukataya madzi otsukira mbale, ndipo ndinaona kuti pakhonde, pamene tinkayanika lona, pali mbee. Mpira nawo, umene usiku umenewo unagona pakhonde pomwepo, panalibe.

Ndinafunsa kuti, "A Mbewe, lona mwalowetsa ndinu?"

Ananyamuka, anatenga apitu yawo, wezulo ya mpira ija, pamsomali, n'kutuluka opanda nsapato. Sindinawaonepo akuthamanga chotero, bondo lija analiiwala. Ndinawatsatira mpaka pachulu cha m'mphepete mwa kampu, pamenepo ndinaima, poopa kuponda pa kampu. Ana anali atabalalika kale paudzu umene tsiku limenelo sunapondedwe ndi phazi la a Damiyano, ena ali kutali m'nkhungu, ongomveka mawu. Iwo anaimba apitu kamodzi, motalika. Anali atawaphunzitsa kuti apitu yaitali ndi kuima pomwe uli, ngakhale mwendo uli m'mwamba. Phokoso lonse linati zii, kunangotsala mvula.

Kenaka anayamba kuwatola mmodzimmodzi. Ankayenda pang'onopang'ono kukafika pamene pali mwana, manja ataika kumbuyo kuti asamukhudze, n'kumuuza kuti aziponda pamene iwo aponda, mpaka pachulu. Akamufikitsa ankabwereranso. Ana anali ambiri, ndipo ntchitoyo inatenga m'mawa wonse. Ofika pachulu ankabwera kwa ine akunjenjemera, kufuna kubisala m'kapulana yanga, chitenje chimene ndinavala, ndipo ine ndinkafutuka, manja kumbuyo ngati amuna anga. Mwambo umene ndinkaunyoza uja, tsiku limenelo ndinauopa. Ataona kuti aang'ono milomo yayamba kuda, a Damiyano analamula anyamata aakulu kuti awafunditse lona n'kupita nawo kumudzi, onse, osatsala wina.

Pa kampu panatsala mmodzi, Rozalina yemwe amalume anatchula amake uja. Kanali kamtsikana ka zaka zisanu ndi ziwiri, kamene a Damiyano ankakaika pa baliza chifukwa sikankaphethira mpira ukamabwera. Kanali kutali kwenikweni, pa baliza ya kumunsi, kataima m'madzi ofika m'akakolo chiimbireni apitu. Atakafikira anakauza kuti kaponde pamene iwo aponda. Kanayesa, miyendo inali itauma ndi chisanu, kanagwa. Anakauzanso. Kanakwawa pang'ono n'kugona m'madzimo. Panalibe munthu wozizira woti akanyamule, tinatsala otentha awiri. Ndinkawaona m'nkhungu ataima pambali pake, manja akadali kumbuyo. Anayang'ana kuchulu kumene ndinali ine. Kenaka anawerama, anakanyamula, n'kukaika pachifuwa m'kati mwa malaya awo.

Patapita masiku awiri Rozalina anayamba kutsokomola, m'nthiti mukubaya, nkhope n'kutupa. Mnyamata wa pachipatala chathu chaching'ono anati ndi chibayo, mwana waima pamvula theka la tsiku angalephere bwanji kudwala, ndipo anamubaya mankhwala amene anali atatsala. A Damiyano anamva, anathokoza, koma sanakhulupirire. Anapita kwa makolo a mwanayo, anagwada pabwalo anthu akuona, n'kuulula kuti anamunyamula ali wotentha, kuti achite naye za mwambo zochotsera mdulo. Mudzi wonse unadziwa tsiku lake ndi chifukwa chake. Za m'nyumba mwanga zinakhala nkhani ya pamtondo. Kuchitsime azimayi ankasiya kulankhula ndikafika, kupatula amake Rozalina, amene ndi mimba yawo ija anandiuza pamaso.

"Inu Nangozo, simukanapirira tsiku limodzi?"

Ndinati, "Ndapirira zaka zisanu."

Sanamve, ndipo sindiwadzudzula, mwana wawo anali pamphasa.

Mwanayo anachira patatha mwezi. A kuchipatala anati ndi mankhwala, agogo a m'mudzi anati ndi kuulula kuja. Sabata yomweyo ine ndinapita kumwezi monga mwa nthawi zonse. Ndinakhala kuseri kwa nkhokwe ndikulira, kwa a Rozalina kukumveka nthungululu. Mulungu andikhululukire, ndinachita nsanje ndi kuchira kwa mwana.

Kuchokera pamenepo bondo linayamba kunena za mvula ngakhale nyenyezi zili mbuu. Amalume anabweranso, ndipo a Damiyano anawauza kuti ngati akuwathamangitsa awathamangitse, koma sadzabwereza. Amalume anandiyang'ana kuti ndinene ndine. Ndinakana kuti apite. Ndinkawakonda, chitsiru ine. Pambuyo pake azakhali anandinong'oneza za fisi, mwamuna wobwereka amene amalowa m'nyumba mwachinsinsi kudzapereka mimba, anati zimachitika, palibe amene amafunsa. Zimenezonso ndinakana. Ndinkafuna mwana wa bondo lomwelo, wouma mutu ngati iwo, woti akamalira pamvula ine ndizimutsekera chitseko bambo ake ataima panja ndi lona.

Anthu ambiri anathawira ku Malawi. Ife tinatsala, tinangosendera pafupi ndi asilikali a boma, ndipo ana akachepa a Damiyano ankatenga otsalawo, ngakhale asanu, lona ikukwekwereka pansi kumbuyo. Mwina mimba yanga inali yotseka chibadwire, anthu amatero ndipo sinditsutsa. Koma munda umene sunabzalidwe sungaunene kuti ndi wosabereka. Mtendere utabwera, ochotsa mabomba aja atapita, a Damiyano anapinda mphasa ya kukhomo n'kubwerera pa yanga, nkhalamba ya imvi, n'kumagona tulo ngati khanda.

Ana a masiku amenewo anayamba kusewera padzuwa, pa kampu yatsopano ya m'mphepete mwa msewu, ndi mphunzitsi wa mapepala. A Damiyano anapitako kawiri kukaonera n'kusiya. Ankati mpira wa padzuwa ulibe fungo. Mvula ikamagwa ankakhala pakhonde akusisita bondo, maso ali kunjira, ndipo ine ndinkadziwa kuti ngakhale ali pambali panga, sali ndi ine.

Atadwala matenda awo omaliza, Rozalina, amene tsopano ndi namwino ku Furancungo, anapempha tchuthi n'kubwera kudzawasamalira. Ankawasambitsa mapazi, ankawatembenuza, ankawamwetsa mankhwala pa nthawi yake. Iwo ankamuti mwana wanga. Rozalinayo ine ankanditi amayi, ndipo anandibweretsera kapulana yatsopano ndi shuga. Vuto la Rozalina ndi limenelo, ndi munthu wabwino, sakupatsa pogwira kuti umude. Tsiku lina masana iye ali kukhitchini, a Damiyano anandiitana.

"Nangozo, ndinakulakwira?"

"Munandilakwira."

"Ndikanachita bwanji?"

"Mukanasankha ine masiku ena."

Ankapuma movutika. Ndinkaganiza kuti apepesa, ndipo ndinali nditakonzeka kuwakhululukira, mtima unali utafewa kale. Kenaka anamwetulira n'kunena kuti, "Koma onse alipo. Sindinataye ngakhale mmodzi."

Yankho linali pakamwa panga, koma Rozalina analowa ndi phala, ndipo ndinalimeza. Anamwalira patapita masiku atatu, mutu uli pamiyendo ya Rozalina, ine nditagwira mapazi.

Pa chiliza paja Rozalina ndi amene anakhala pamalo a mwana woyamba, ndi amene anakoka nsalu yophimba mwalawo. Anthu analankhula, analira, anaseka pokumbukira lona ndi apitu, ndipo aliyense ankabwera kudzandigwira dzanja kuti zikomo amayi, munatibwereka amuna anu. Ndinkangoti zikomo. Chinthu chobwereka chimabwezedwa chikadali ndi ntchito, koma sindinanene. Madzulo machapa ananyamuka, aliyense kwawo.

M'mawa mwake kunacha ndi mawawa ndi nkhungu. Ndinafunda kapulana n'kutsika njira ya kuseri kwa shikola yakale, imene tsopano ndi makoma okhaokha. Njirayo inatsekeka, chisoso chinandimata mpaka m'chiuno. Ndinafika pachulu, ndipo ulendo uno sindinaime. Zaka zonsezi phazi langa linali lisanapondepo pa kampu imeneyo, poyamba chifukwa cha mantha, kenaka chifukwa cha mwano. Palibe amene amalimapo, ngakhale ndi nthaka yabwino ya kachewere, anthu amati ndi pa a Tirinadoro. Udzu wafika m'maondo. Mitengo ya baliza inadyedwa ndi chiswe, panangotsala maenje anayi odzaza madzi. Mbuzi ziwiri zinali zitabisala pansi pa chitsamba, ndipo mwana ngakhale mmodzi panalibe, a masiku ano mvula ikagwa amakhala m'nyumba.

Ndinayenda kuchoka pa maenje a kumtunda kukafika pa a kumunsi, ndi miyendo yanga yaukalambayi, osapuma n'komwe. M'mutu mwanga malo amenewa anali dziko lalikulu, koma ndi kamalo kochepa, dimba la kabichi la amalume linkaposa pamenepa. Chiliza chili kumanda, ndipo chili ndi eni ake ambiri. Ine maliro anga ali pano. Ana anga, amene sanafike ngakhale popatsidwa dzina, anatsala paudzu uno, ndipo palibe amene adzakwere chapa kudzawamangira kanthu. Ndinakhala pansi ponyowa pomwepo mpaka mvula inakata.